Imani apa, yang'anani uko: zikwangwani za pa malo a nkhondo ku Toronto

Sabata ino ndili ndekha, ndipo ngakhale ntchito yanga ndi ya makompyuta, lero tiyamba ndi nsapato. Zamakompyutazo tizikhudza chakumapeto.

Nkhaniyi inayamba ndi amalume anga. Iwo ndi mphunzitsi wopuma, anabwera kudzationa kuno m'chilimwe chathachi. Mukudziwa kuti mlendo akabwera ku Toronto timathamangira naye ku CN Tower, kenako ku Niagara, basi ulendo watha. Koma iwo anaphunzitsa mbiri yakale zaka zambiri, ndiye ndinati tiyeni ku Fort York, linga lakale la asilikali limene lili pakatikati pa mzinda. Kulowa ndi kwaulere, chomwenso chinandilimbitsa mtima. Tinakwera streetcar nambala 509 pa Union Station, kutsika, kuyenda pang'ono, n'kulowa. Ndinayamba kuwafotokozera ngati katswiri kuti pano pankamenyedwa nkhondo, adani anabwera pa nyanja. Iwo anayang'ana uku ndi uku, kenako akuti: "Mphwanga, nanga nyanjayo ili kuti?"

Ndinasowa choyankha. Mukaima m'lingamo, kumwera mumaona msewu waukulu wa m'mwamba wa Gardiner Expressway, magalimoto ali vuu. Kumpoto kuli njanji. Mbali zinazo ndi nyumba zosanjikizana zamagalasi. Madzi sakuoneka ngakhale pang'ono. Chimene chinandipulumutsa ndi chikwangwani chokhala ndi mapu akale. Amalume anavala magalasi awo, kuwerenga, kutembenuka, n'kuloza pansi pa msewu wa m'mwambawo: "Oo, gombe linali apa." Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuyendera malo oterewa, ndikuyang'ana osati nkhondoyo kwenikweni, koma mmene zikwangwani ndi tinjira toyenda pansi timagwirira ntchito yake.

Tiyambe ndi zimene zinachitika, kuti tiyendere limodzi. Mu 1812 dziko la America linalengeza nkhondo ndi Britain, ndipo malo apafupi omenyanirana anali Canada, imene inali m'manja mwa Angerezi. Toronto nthawi imeneyo inkatchedwa York. Kanali katawuni kakang'ono, anthu ake osakwana 1,000, koma kanali likulu la chigawo cha Upper Canada. Linga la Fort York analiyambitsa ndi John Graves Simcoe mu 1793 kuti liziteteza polowera padoko. Pa 27 Epulo 1813, m'mawa, zombo za America zinafika pa nyanja ya Ontario ndi asilikali pafupifupi 1,700. Oteteza anali pafupifupi 700, pamodzi asilikali a Angerezi, amuna a m'tawunimo ndi ankhondo a mitundu ya eni nthaka. Mphepo inakankhira mabwato a adaniwo chakumadzulo, moti anakatsikira chakumene lero timati Parkdale, kufupi ndi Sunnyside. Oyamba kulimbana nawo pagombepo anali ankhondo a Mississauga ndi Ojibwe, akuwombera ali m'nkhalango. Anachepa mphamvu, ndipo nkhondo inayamba kusunthira kum'mawa, kulowera ku linga, kwa maola pafupifupi 6.

Mkulu wa asilikali a Angerezi, Roger Hale Sheaffe, ataona kuti zinthu zavuta, anaganiza zothawira ku Kingston, koma asananyamuke analamula kuti nyumba yosungiramo onga iyatsidwe. Inaphulika pamene Amereka anali atayandikira. Miyala inagwa ngati matalala. Asilikali a America oposa 200 anafa kapena kuvulala nthawi imodzi, ndipo mtsogoleri wawo pamtunda, Zebulon Pike, anafa tsiku lomwelo. Opambanawo anakhala m'tawunimo masiku 6, ndipo nyumba za malamulo zinatenthedwa. Chaka chotsatira, mu Ogasiti 1814, Angerezi anakatentha Washington, kuphatikizapo nyumba ya pulezidenti. Ndodo ya ulemu ya nyumba ya malamulo imene inatengedwa ku York inadzabwezedwa mu 1934, nthawi ya Franklin Roosevelt. Zaka 121 ili kwa eni ake ena.

Tsono nayi mfundo yanga. Zonsezi mukhoza kuziwerenga m'buku muli pabedi. Chimene buku silingachite ndi kukuimikani pamalo n'kukuuzani kuti yang'anani uko. Ndipo vuto lalikulu la malo a nkhondo ndi lakuti malowo sakhalanso mmene analili. Nkhondo imamenyedwa potengera nthaka: chitunda chili pati, mtsinje uli pati, nkhalango ikuthera pati. Zimenezi zikasowa, nkhani yonse imasowa mutu. Ku Fort York nyanja sinaphwe ayi, anthu ndi amene anaikankha. Kuyambira m'ma 1850 makampani a njanji anayamba kuthira dothi m'madzi kuti apeze malo, ndipo ntchitoyi inapitirira mpaka m'ma 1920. Lero gombe lili mamita mazana angapo kumwera. Kamtsinje ka Garrison Creek, kamene kankadutsa pambali pa linga, anakakwirira, pano kamayenda m'mipope pansi pa misewu. Ntchito yoyamba ya chikwangwani chabwino ndi kubweza nthaka imene inasowayo m'maso mwa munthu.

Njira imene anachitira zimenezi pamalowa inandisangalatsa. Nyumba yolandirira alendo, imene anatsegula mu 2014, anaimanga m'mphepete mwa msewu wa m'mwambawo, ndipo kutsogolo kwake anaimika mndandanda wa zitsulo zikuluzikulu zadzimbiri, zofiirira ngati dothi la katondo. Poyamba ndinkaganiza kuti ndi zokongoletsa chabe za akatswiri ojambula mapulani. Ayi ndithu. Mzere wa zitsulozo ukutsata pamene panali gombe, ndipo zikuimira chigwembe chimene chinali pamwamba pa madzi. Ndiye kuti mukamayenda pansi pa Gardiner, pamene pano pali malo osewerera a The Bentway, mukuyenda m'nyanja ya 1813. Chikwangwani si mawu okha. Nthawi zina ndi mzere pansi, mwala, kapena mmene kanjira kakhotera.

Pali chinanso chimene zikwangwani za pamenepo zimanena mosabisa, ndipo ndinazilemekeza nacho. Nyumba zimene mumaziona m'lingamo sizinaone nkhondo ya mu Epulo. Zinamangidwa pambuyo pake, pakati pa 1813 ndi 1815, Angerezi atabwerera. Ndi zakale zenizeni, koma si zimene Pike anaziona. Munthu wosauzidwa amajambula chithunzi n'kutumiza pa WhatsApp kuti apa ndi pamene anabisala. Malo oona mtima amakuuza chimene ndi choyambirira, chimene ndi chomangidwanso, ndi chimene sichikudziwika bwino. Ndipo pang'ono pokha linga lonselo likanasamuka: chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, pokonza msewu wa Gardiner, panali maganizo oti alinyamule akaliike kufupi ndi nyanja yatsopanoyo. Anthu anakana, msewu ndi umene unakhota. Akanalisamutsa, funso la amalume lija likanakhala ndi yankho losavuta, koma labodza.

Chachiwiri ndi kanjira. Nkhondo ya York sinachitikire m'linga mokha, inayenda makilomita angapo. Mukafuna kuimvetsa, yambirani ku Sunnyside, tsatirani Martin Goodman Trail, njira ya oyenda pansi ndi apanjinga ya m'mbali mwa nyanja, kenako lowani ku Exhibition Place. Kumeneko mupeza chipilala cha Fort Rouillé, linga la Afalansa limene eni ake analitentha okha mu 1759. Amereka ankafuna kutsikira pabwalo limenelo mphepo isanawasokoneze, ndipo anadutsa pomwepo akupita kum'mawa. Mukafika ku Fort York miyendo imakhala itakuuzani kale zimene chiwerengero cha makilomita sichinena: kutalika kwake, kutopa kwake, ndiponso kuti munthu wonyamula mfuti yolemera, atanyowa mpaka m'chiuno ndi madzi a mu Epulo, anali pa chiyani. Madzi a nyanja ya Ontario mu Epulo, abale, si a ku Salima. Koma ndinene chilungamo: njira imeneyi muyenera kuilumikiza nokha. Mudutsa misewu yodzaza, malo oimika magalimoto, ndipo pena mudzakayika ngati mukadali pa nkhani yomweyo. Ndi mzinda wamoyo, si munda wosungidwa.

Kuti muone kanjira kokonzedwa mwadala kuyambira poyamba mpaka pomaliza, pitani ku Queenston Heights, kufupi ndi Niagara, ola limodzi ndi theka pagalimoto ngati msewu wa QEW sunadzaze. Ambirife timadutsa pafupi pomwepo tikamapita kukaona mathithi, osaima. Nkhondo ya kumeneko inachitika pa 13 Okutobala 1812. Amereka anawoloka mtsinje wa Niagara usiku, kunja kusanache. Gulu lina, motsogozedwa ndi John Wool, linapeza kanjira ka asodzi kokwera phompho, n'kutulukira pamwamba pa mzinga wa Angerezi mosayembekezeka. Mkulu wa asilikali Isaac Brock anayesa kulanda malowo pothamangira chitunda, ndipo anawomberedwa pachifuwa n'kufera pomwepo. Masana Sheaffe, yemwe uja amene anadzathawa ku York miyezi 6 pambuyo pake, anazungulira n'kukwera chitundacho mbali ina. Amereka oposa 900 anagwidwa.

Pachitundapo anaika malo oima 5, aliwonse ndi chikwangwani chake, ndipo kanjira kamakutsitsa m'nkhalango kukafika pamene panali mzinga uja, n'kukukwezanso. Taonani luso lake. Kanjirako kakusanja nthawi. Poima poyamba ndi m'bandakucha, pomaliza ndi madzulo. Simungathe kuwerenga mapeto musanadutse pakati, pokhapokha mutadumpha dala. Ifeyo a makompyuta timati munthu wogwiritsa ntchito pulogalamu asamaganize kuti tsopano ndidine pati, pulogalamuyo izimutsogolera. Ndi zomwezo. Ndipo chikwangwani chilichonse anachiika moti ukamawerenga, nkhope yako yaloza kumene nkhaniyo inachitikira. Ukakweza maso, mtsinje uli pomwepo, tsidya lina ndi New York, pafupi moti nyumba zimaoneka bwinobwino. Zikuoneka zazing'ono, koma ndaonapo malo ena pamene chikwangwani chimakamba za chigwa chimene chili kumbuyo kwako.

Amalume anatsika nawo kanjirako pang'onopang'ono, atagwira ndodo. Pokwera pobwerera anaima kawiri kupuma, ndipo kachiwiriko anati: "Uyu Brock, kuthamangira pamenepa ndi lupanga, anali wolimba mtima kapena wopupuluma?" Ndinati amalume, akatswiri a mbiri amatsutsanabe pa funso lomwelo. Iwo anafika pa funsolo chifukwa cha mawondo awo, osati buku. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Malo oterewa safuna liwiro. Pali munthu wina wa ku America, Freeman Tilden, amene mu 1957 analemba buku lotchedwa Interpreting Our Heritage, limene ogwira ntchito m'malo osungira mbiri amaliwerengabe. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti kufotokoza malo si kuthira munthu mfundo zambirimbiri, koma kumuutsa kuti ayambe kufunsa. N'chifukwa chake zikwangwani zabwino zimakhala zazifupi. Munthu waima, dzuwa likuswa kapena chisanu chikuluma, mwana akumukoka dzanja. Mukamupatsa ndime 6, awerenga mutu wokha.

Tsopano tifike pamene pamandigwira mtima kwambiri. Popeza malo pa chikwangwani ndi ochepa, wina ayenera kusankha kuti alowe ndani, atsale ndani. Ku Queenston Heights chinthu choyamba kuchiona ndi chipilala cha Brock, chotalika mamita 56, chokhala ndi masitepe 235 m'kati mwake. Chinamangidwa m'ma 1850, choyambacho chitaphulitsidwa ndi bomba mu 1840. Koma Brock anafa m'mawa, nkhondo isanafike n'pakati pomwe. Amene anagwira Amereka pachitundapo kwa maola, mpaka Sheaffe atafika, anali ankhondo a Haudenosaunee ochokera ku Grand River, pafupifupi 80 okha, motsogozedwa ndi John Norton ndi John Brant. Chikumbutso chawo chachikulu, chotchedwa Landscape of Nations, chinatsegulidwa mu 2016. Werengani nokha: zaka 204. M'mudzi wa Queenston m'munsimo muli kachifanizo ka hatchi ya Brock, dzina lake Alfred. Hatchiyo inalandira chikumbutso chake anthu amenewa asanalandire chawo chija. Sindikudana ndi hatchi, koma amalume ataona anangoseka kuseka kopanda chimwemwe.

Ndipo pamalo omwewo pali nkhani ya munthu wakuda ngati ife. Richard Pierpoint anabadwira ku Bundu, m'dziko limene lero ndi Senegal, cha m'ma 1744. Anagwidwa ali mnyamata, kugulitsidwa ukapolo ku America, ndipo anapeza ufulu pomenya nkhondo ku mbali ya Angerezi. Mu 1812, ali nkhalamba ya zaka zoposa 65, anapempha boma kuti likhazikitse gulu la asilikali akuda, chifukwa anthu akuda kuno ankadziwa kuti America ikapambana akhoza kubwezedwa ku ukapolo. Gululo linakhazikitsidwa, Coloured Corps, koma utsogoleri anapatsa mzungu, Robert Runchey. Pierpoint analowa ngati msilikali wamba. Anamenya nawo ku Queenston Heights. Mu 1821 analembera boma kupempha chinthu chimodzi: amuthandize kubwerera kwawo ku Africa. Anamukaniza, m'malo mwake anamupatsa malo olima chakufupi ndi Fergus, ndipo anamwalirira kuno. Inu amene mwakhala kunja zaka 15, 20, mukumanena chaka ndi chaka kuti ndibwerera, nkhani imeneyi musaimve ngati ya munthu wachilendo. Chikwangwani cha Coloured Corps chilipo pa pakiyo. N'chaching'ono poyerekeza ndi chipilala chija, koma mwana wanga wamkazi wa zaka 9 anaima nthawi yaitali pamenepo kuposa pena paliponse.

Mukamayenda, muzidziwanso kuti akulankhula ndani. Zikwangwani zamkuwa zofiirira, zolembedwa m'Chingerezi ndi Chifalansa, ndi za boma la Canada. Zabuluu zokhala ndi zilembo zagolide ndi za chigawo cha Ontario. Palinso za mzinda, ndi zina zoikidwa ndi magulu a anthu wamba zaka 100 zapitazo. Zakalezo siziwachotsa kawirikawiri, amangowonjezera zatsopano pambali, moti pamalo amodzi umatha kuwerenga mmene mibadwo itatu inkaonera tsiku limodzi. Chakale chimakamba za ulemerero wa ufumu wa Britain. Chatsopano chimakuuza kuti a Mississauga amene anayamba kukhetsa magazi pagombe lija ndi omwewo amene nthaka yawo inatengedwa pa mgwirizano wa Toronto Purchase wa 1787 ndi 1805, ndipo mlandu wake unadzatha mu 2010, boma litalipira madola 145 miliyoni.

Pali malo enanso amene ambiri mumadutsa osadziwa. Mukatsika sitima pa Eglinton n'kuyenda pang'ono kumpoto mu Yonge Street, pali nyumba yakale ya positi ofesi. Pamenepo panali Montgomery's Tavern, pamene pa 7 Disembala 1837 gulu la William Lyon Mackenzie, meya woyamba wa Toronto, linagonjetsedwa litaukira boma. Kumenyanako sikunathe ola. Nyumbayo inatenthedwa, Mackenzie anathawira ku America, anzake awiri, Samuel Lount ndi Peter Matthews, ananyongedwa mu 1838. Palibe linga, palibe kanjira, chikwangwani chokha pakati pa masitolo. Dzulo chigawenga, lero ngwazi. Ife a ku Malawi nkhani yotere sitifuna kuifotokozeredwa kawiri. John Chilembwe anaukira pa 23 Januwale 1915, anaphedwa pa 3 Febuluwale, tchalitchi chake ku Mbombwe boma linachigwetsa ndi mabomba, ndipo lero nkhope yake ili pa ndalama zathu.

Ndinalonjeza za makompyuta. Masiku ano aliyense akufuna QR code pa chikwangwani, kapena app ya pafoni yoti izikulankhulira ukamayenda. Ine ntchito yanga ndi yomweyi, ndiye ndikuuzani mwachindunji: musazikhulupirire kwambiri. QR code si nkhokwe ya nkhani, ndi adiresi chabe yolembedwa m'timadontho. Imaloza ku tsamba lina pa intaneti. Tsambalo likasamutsidwa, kapena amene ankalipira domain akaiwala, kapena ndalama za pulojekiti zikatha, mumapeza 404 basi. Zinandichitikira pamalo ena, sinditchula: kutulutsa foni, kujambula, kudikira, palibe kanthu. Pambali pake panali chikwangwani chamkuwa cha nthawi ya agogo, chikugwirabe ntchito popanda update. App nayo imafa foni zikasintha. Onjezerani chisanu cha kuno, chimene chimatha batire ngati madzi m'dengu. Palinso akathyali amene amamata QR code yawo pamwamba pa yeniyeni kuti akuberenitu, choncho musanadine muziona adiresi imene yatuluka. Sindikunena kuti foni ilibe ntchito. Imatha kukuonetsa mapu akale pamwamba pa mapu a lero, imatha kukulankhula m'chinenero chako, imathandiza munthu wosaona. Koma mfundo zofunika zikhale pa chitsulo kapena pa mwala, foni izingowonjezera. Ndipo mukamapita, tsitsiranitu mapu muli kunyumba.

Tikubwerera ku Toronto tsiku la Queenston lija, amalume anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anayamba kuwerenga pa zala malo a kwathu. Karonga, kumene pa 9 Seputembala 1914 asilikali a King's African Rifles anamenyana ndi a Germany, ndipo ambiri mwa akufawo, mbali zonse ziwiri, anali anthu akuda. Ndi imfa zimenezo zimene zinachititsa Chilembwe kulembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akufera nkhondo yosakhala yawo. Karonga yomweyo kunali malinga a Mlozi, amene anagonjetsedwa mu 1895. Ku Mangochi, pafupi ndi chipilala cha wotchi, pali mfuti ya sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Sphinxhafen, tsidya la nyanja. Fort Lister pakati pa phiri la Mulanje ndi Michesi. Chipilala cha asilikali ku Zomba. Ndi ulendo wa anthu a Chilembwe, kuchokera ku Mbombwe kupita ku Magomero, kenako kuthawira chakumalire. Amenewo ndi malo oima okonzeka kale, akungodikira wowalumikiza. Nanga amtengatenga a nkhondo ya Chiwaya, pafupifupi 200,000, amene ananyamula katundu pamutu mpaka ena kufera m'njira? Nkhondo yawo inali kuyenda kumene. Ngati pali anthu amene nkhani yawo imayenera kanjira koyenda pansi, ndi amenewo.

Koma chimene chinawawawa amalume si malo otchukawa. Kwathu ku Dedza kuli kaphiri kamene makolo athu ankathawirako nthawi ya nkhondo za Angoni. Agogo anga aakazi ankadziwa phanga lenileni, ankadziwa mbali imene adani ankatulukira, ndiponso pamene pankatungidwa madzi usiku. Ankatiuza tili ana, ife tikuganiza za mpira. Anamwalira ndili ku koleji. Amalume akuti akukumbukira theka lokha, ndipo mwa mapanga awiri sakutsimikiza kuti ndi liti. Mitengo ya paphiripo inatha ndi makala, moti ngakhale malowo asintha nkhope, monga gombe la Fort York. Kwathu chikwangwani chinali munthu. Munthu amayankha mafunso, amaimba, amakuloza ndi ndodo, kuposa chitsulo chilichonse. Koma amafa.

Ndiye ife tagwirizana zochita, ndipo ndikuziika pano kuti mwina wina atengereko. Disembala ndikupita kumudzi. Tikayamba kwa amfumu kukapempha chilolezo, chifukwa malo ena ndi manda, ena ndi a mizimu, si onse oyenera kuikidwa pa mapu. Kenako tikakwera ndi amalume pamodzi ndi akuluakulu awiri kapena atatu amene atsala. Pamalo aliwonse ndikalemba manambala a GPS, amene foni imapereka ngakhale popanda netiweki, ndikajambula zithunzi mbali zonse zinayi, ndi kujambula mawu awo ali chiimire pomwepo, akuloza. Akasiyana mawu, tikasunga zonse ziwiri, osasankha wopambana. Ndikafunanso kumva kwa anzathu a Chingoni a m'midzi yoyandikana nayo, chifukwa ndife apachibale tsopano, takwatirana, ndipo iwo nkhani yomweyo ali nayo mwa mtundu wina. Mafayilo ndikawasunga m'mitundu wamba, mp3 ndi jpg, makope atatu m'malo atatu, limodzi lotsala kusukulu ya pulayimale ya m'mudzimo, pamodzi ndi zolemba za papepala.

Za chikwangwani chenicheni, amalume ndi amene anandiwongola. Ine ndinkaganiza zachitsulo ngati za kuno. Iwo akuti: "Mphwanga, chitsulo chimenecho pakatha mwezi chikhala mbaula." Zoona. Ndiye tikuganiza za tizipilala tating'ono ta simenti, mawu olembedwa simentiyo isanaume, m'Chichewa, mizere inayi kapena isanu, ndi muvi woloza koyang'ana. Matumba ochepa a simenti akwana.

Kwa inu amene muli kuno ku Toronto, Fort York ili pa 250 Fort York Boulevard, ndipo streetcar 509 kapena 511 ikufikitsani pafupi. Onani masiku ndi maola otsegulira pa tsamba la mzinda musananyamuke, chifukwa amasintha ndi nyengo. Ku Queenston valani nsapato zogwira, kanjira kotsika kaja kamaterera mvula ikagwa. Amene miyendo ikuwayabwa adzapezanso pomwepo poyambira Bruce Trail, njira ya mizere yoyera pamitengo imene imakafika ku Tobermory, makilomita pafupifupi 900. Ife tinayenda mamita 200 okha, amalume n'kunena kuti yotsalayo tidzamaliza ulendo wina. Amene kwanu kuli phiri, dambo kapena mtengo wa nkhani yotere, titumizireni uthenga wa mawu, tidzauika m'gawo la mu Januwale ndikadzabwerako.